Tulo ta Amai ndi Mtima Wao

M'mudzi wina wa m'boma la Katete muli amai a zaka 49 amene anthu onse awatama kuti sadziwa ulesi. Iwo ndiwo atseka citseko usiku, ndiponso ndiwo acitsegula tambala asanalire kaciwiri. Pakati pa kutseka ndi kutsegulako pali maola asanu cabe, ndipo si onse a tulo. Kamdzukulu kamene agona nako kamalira. Ciyambire kuleka kusamba, thupi limawatentha pakati pa usiku kufikira citenje cinyowa ndi thukuta. Akauka motero tulo sitibweranso msanga, ndipo ayamba kuwerengera mumdima matumba a feteleza ndi ngongole za pamudzi.

Tsiku lina anapita ndi kamdzukuluko ku sikelo, ndipo namwino anawapima iwonso. Cipimo cinaonetsa 160/100, pamene 140/90 ndiwo malire a matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri awacha BP. Namwinoyo anafunsa kuti, "Amai, kodi mumagona maola angati?" Iwo anaseka, nati, "Mwana wanga, tulo n'ta ana ndi amuna."

Funsolo linali ndi cifukwa cake. Mtima sulekeza nchito usana ndi usiku, koma munthu akagona tulo tatikulu umagunda pang'onopang'ono, ndipo mphamvu ya magazi m'mitsempha imatsika ndi magawo 10 kufikira 20 pa 100 aliwonse. Kumeneko ndiko kupuma kwake. Tulo tikadukizadukiza, thupi limakhala ngati la munthu woopsedwa: mitsempha imamangika ndipo magazi satsika. Zikacitika zaka zambiri mitsempha imauma, mtima umatopa, ndipo ena amagwidwa ndi sitiroko, nafa ziwalo mbali imodzi.

Mu 2024 akatswiri a ku America, motsogozedwa ndi Rebecca Thurston wa pa University of Pittsburgh, anafalitsa zimene anapeza atatsatira akazi pafupifupi 3,000 kwa zaka zoposa 20, kuyambira pamene anali ndi zaka 42 kufikira 52. Kwa akazi amene anali kusowa tulo caka ndi caka, ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko inali yokulirapo ndi magawo 70 pa 100 poyerekeza ndi anzao ogona bwino. Msinkhu umenewu ndiwo wovuta, pakuti mkazi akaleka kusamba citetezo cimene mitsempha yake inali naco cimacepa, pa nthawi yomweyo imene tulo tiyamba kuthawa. Bungwe la American Heart Association linaika tulo pa mndandanda wa zinthu 8 zosunga mtima mu 2022, niliti wamkulu agone maola 7 kufikira 9.

Tulo tokha sindito tibweretsa BP. Mcere wambiri m'ndiwo, kunenepa, fodya ndi mtundu wa munthu zili ndi mbali yake. Koma za mcere anthu amva kale pa wailesi, pamene za tulo sazinena. Ngakhale pamaliro, mkazi amene amtama kwambiri ndiye uja "sanali kugona", ndipo palibe afunsa ngati kusagonako sikunamfulumize.

Namwino anauza amai aja kuti abwerenso kudzapimitsa, aleke tiyi wa usiku, ndipo asagule mankhwala a tulo pamsika. Anawafunsanso ngati aliza mkonono wodukiza mpweya, popeza nawonso umakweza magazi.

Nkhani itafika kunyumba, amuna ao anakhala cete nthawi yaitali, kenaka analamula anyamata kuti madzi azitunga madzulo. Mpongozi anayamba kugona ndi kamwanako. Tsopano amaiwo agona maola asanu ndi awiri masiku ena. Cimene cikali kuwavuta ndi manyazi: akamva tsache la mnansi likusesa pabwalo iwo akali pamphasa, thupi lonse limafuna kudzuka.