Mthikinya ndi Kubwerera kwa Asayansi ku Nkhokwe

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kuno ku mapiri a Dedza tinkaona nzeru za ulimi zikuyenda njira imodzi yokha. Zinkachokera ku Chitedze kapena ku Bembeke, n'kudzera mwa mlangizi, n'kufika kwa mlimi amene ntchito yake inali kumva basi. Chimanga cha makolo chinkatengedwa ngati chizindikiro cha kutsalira, munda wosakaniza nyemba, maungu ndi mawere unkaoneka ngati wa munthu wosamva, ndipo bonongwe, luni ndi chisoso ankaziika m'gulu la udzu wofunika kupalira. Masiku ano akatswiri a m'mayunivesite a m'dziko muno ndi akunja akunyamula zinthu zomwezo kupita nazo ku labotale, ndipo akupezamo zimene mbewu zamakono zilibe. Kusinthaku n'kwabwino, koma ine ndikuona kuti tanthauzo lake sitinalimvetse. Zimene sayansi ikuyamikira lero zinapulumuka chifukwa cha alimi amene sanamvere malangizo onse, pamene ndalama za boma ndi ndondomeko zake zidakali mbali ya malangizo akale aja.

Umboni woyamba ndi mthikinya, chimanga cha makolo chofiirira ngati lalanje chimene mabanja ena a ku Dedza anapitiriza kudzala mwakachetechete. Kuchisunga sikunali kophweka, pakuti Amalawi ambiri amati nsima yeniyeni ndi ya ufa woyera, ndipo chimanga chachikasu chimawakumbutsa chithandizo cha m'zaka za chilala monga 1992. Mu 2012 ntchito yophunzitsana ulimi pakati pa alimi okhaokha, yotchedwa MAFFA, inayamba ku Lobi kuno ndi ku Ekwendeni, ndipo ofufuza monga Mangani Katundu wa ku Chancellor College ndi Rachel Bezner Kerr anachita chidwi ndi chimanga chimenechi. Mu 2016 magazini ya sayansi ya Food Chemistry inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene akatswiri a ku Zomba anachita ndi anzawo a ku yunivesite ya Manitoba ku Canada. Anapeza kuti ma carotenoid, amene amapatsa njere mtundu wake ndipo ena mwa iwo thupi limawasandutsa vitamini A, anali ochuluka kuposa ka 20 m'chimangachi poyerekeza ndi choyera. Muyezo wa mamaikulogalamu 15 a ma carotenoid osanduka vitamini A pa galamu iliyonse, umene opanga mbewu padziko lonse ankalimbana kuti aufikire, chimanga cha makolochi chinali chitaufika kale. Palibe kampani imene inachipanga. Anachipanga ndi amayi amene chaka ndi chaka ankasankha zitsononkho zabwino n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze kwa anankafumbwe.

Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti michere ya m'njere imasiyana malinga ndi dera limene chimanga chalimidwa, ndipo mfundo imeneyi inakula kwambiri pa ntchito ina. Allan Chilimba ndi anzake anaonetsa mu 2011 kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi mchere wa seleniyamu wochepa kwambiri, kupatula kumene kuli nthaka ya laimu monga m'chigwa cha Shire. Mu 2021 magazini ya Nature inafalitsa mapu a michere ya m'mbewu za ku Malawi ndi Ethiopia, ntchito imene akatswiri a ku LUANAR anagwira ndi a ku Nottingham ndi ena. Kwa banja limene limadya za m'munda mwake, malo amene likukhala ndi amene amanena kuchuluka kwa michere imene mwana alandire. Pamenepa ndi pamene kawerengedwe kathu kakale kamagwa. Tinkayeza chakudya ndi matumba, koma matumba awiri olemera mofanana akhoza kusiyana kutali pa zimene amapereka ku thupi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi zokamba anthu okhuta. Minda ku Dedza ikuchepa, anthu akuchuluka, ndipo haibulidi wothira feteleza amabereka kuposa chimanga cha makolo. Izi n'zoona, ndipo aliyense amene anaona njala ya 2002 sangazichepse. Koma mbiri ya haibulidi yemweyo ikuikira kumbuyo mfundo yanga. Kwa zaka zambiri alimi ankakana kudya haibulidi chifukwa njere zake zofewa zinkanyenyeka pokonola mu mtondo ndipo zinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Zinthu zinasintha mu 1990 pamene ofufuza anatulutsa MH17 ndi MH18 za njere zolimbirako, kutanthauza kuti sayansi inapambana itamvera madandaulo a amayi ndi kutsanzira khalidwe la chimanga cha makolo. Komanso kuyambira pa Starter Pack mu 1998, FISP mu 2005 mpaka AIP mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lapita ku chimanga ndi feteleza, koma kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali okwinimbira. Mwana akhoza kugona atakhuta nsima tsiku lililonse n'kukula mopinimbira.

Mtsutso wina ndi wamphamvu koposa, ndipo sindiuthawa. Vuto la kuchepa kwa vitamini A mwa ana aang'ono, limene mu 2001 linali pa 59 pa 100, linatsika kufika pa 4 pa 100 pofika 2016. Zimene zinathandiza kwambiri ndi makapisozi a ku sikelo ndi vitamini wothira mu shuga ndi mafuta ophikira, osati mthikinya. Nanga bwanji tivutike ndi chimanga chofiirira? Yankho langa ndi lakuti chipambano chimenecho chimadalira ndalama za m'thumba ndi thandizo lakunja, ndipo zonsezi zimatha kuuma. Banja la ku Kaphuka kapena ku Mayani limene lasiya kugula shuga chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu latuluka m'chitetezocho tsiku lomwelo. Chachiwiri, kafukufuku amene anapeza chiwerengero cha 2016 chija anapezanso kuti pafupifupi anthu 60 pa 100 akusowa zinki. Sitingathire mchere uliwonse mu shuga. Chimene chimapereka michere yambiri nthawi imodzi ndi mbale ya ndiwo zosiyanasiyana: nyemba, nzama, khobwe, mtedza wotendera nkhwani, mfutso wa m'chikwatu m'miyezi ya chilimwe.

Ena amati mbewu zakale zili m'manja abwino, pakuti kuyambira 1992 ku Chitedze kuli nkhokwe ya boma yosungira mbewu zamitundumitundu m'malo ozizira. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma mbewu ya mufiriji imaima pamene inaikidwira, pamene ya m'munda imasankhidwa chaka chilichonse mogwirizana ndi mvula imene ikusinthayi. Ndiponso zina sizilowa mufiriji n'komwe. Njere za masuku zimafa zikauma, choncho msuku umasungika uli chiimire m'nkhalango kapena m'munda. Bowa wambiri amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 nthawi ya dzinja amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku, ndipo mtengo ukapita ku makala bowayo amapita nawo. Paini wa pa phiri la Dedza ndi ku Chongoni amapereka matabwa, koma sabwezeretsa zimenezi.

Pa mankhwala ndi pamene tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa kukonda za makolo kukhoza kupha. Mu 1995 chikhamu cha anthu chinakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe poganiza kuti uchiza Edzi, ndipo sunachize. Komabe mankhwala a LA amene zipatala zathu zakhala zikupereka kwa odwala malungo kuyambira 2007 mbali ina gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, chimene kuchifufuza kunapezetsa Tu Youyou mphotho ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi ndi kuyeza: chitsamba cha ku China chinasefedwa, mlingo wake unadziwika, chinayesedwa pa odwala. Kwathu kuno Jessie Williamson analemba zomera zothandiza mu 1955, Brian Morris analemba za mankhwala a Achewa mu 1996, ndipo National Herbarium ku Zomba imasunga zitsanzo zake. Koma kulemba dzina la mtengo si kuuyeza. Muwawani akuukungunula makungwa ndipo gondolosi akumukumba mizu kupita naye m'misika ya m'tauni, mwachangu kuposa mmene ofufuza athu, ndi ndalama zochepa zimene amapatsidwa, angadziwire mlingo wochiza ndi mlingo wowononga chiwindi.

Chimene chikundivuta n'chakuti zotsatira za kafukufukuyu zili m'Chingerezi, m'magazini amene mlimi wa ku Lobi sadzawaona, pamene mbewu inachokera kwa iye. Ndondomeko ya mbewu ya 2018 inadandaulitsa mabungwe ena oimira alimi chifukwa inalemekeza mbewu za makampani kuposa zimene anthu amasinthana pamudzi. Ngati boma likukhulupirira zimene asayansi ake apeza, mbewu za makolo zoyezedwa bwino ziloledwe kugulitsidwa poyera monga mbewu, mapologalamu a zipangizo zotsika mtengo aphatikizemo nzama, mawere ndi mthikinya, ndipo alangizi a ku Linthipe, Lobi ndi Bembeke apatsidwe zotsatirazo m'Chichewa kuti akaziwerenge pamaso pa eni mbewu.