Liwu la sipika ndi malo amene yaikidwa

Sipika iliyonse ili ndi liwu lake, monga momwe ng'oma ziwiri zosemedwa pa mtengo umodzi sizilira chimodzimodzi. Anthu obwereketsa zokuzira mawu pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano m'boma la Phalombe, kuchokera ku Migowi mpaka ku Chiringa, amasiyanitsa masipika ndi khutu lokha: iyi ndi yolemera besi, iyo imabaya m'makutu, inayo imatulutsa mawu a munthu poyera. Masipika odula, monga a JBL, Yamaha ndi Electro-Voice, sapambana anzawo pa phokoso lokha. Chomwe munthu amalipirira n'chakuti akakweza voliyumu, gitala imamvekabe ngati gitala ndipo mawu a woyimba sasokonekera.

Khutu la munthu wachinyamata limamva mawu kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz, ndipo palibe sipika imodzi yomwe ingathe zonsezi bwino. N'chifukwa chake ntchito imagawidwa. Sipika yaikulu, ya mainchesi 15 kapena 18, imanyamula besi. Twita imanyamula mawu aang'ono akuthwa. Pakati pake pali kachipangizo kotchedwa crossover, kamene kamapatsa iliyonse gawo lake. Bokosi nalo ndi mbali ya liwu. Akalipentala ambiri amakhoma mabokosi okongola, koma kukula kwa bokosi ndi bowo lake lopumira ziyenera kugwirizana ndi sipika yoikidwamo. Matabwa akapyapyala, bokosi limanjenjemera n'kuyamba kuyimba nyimbo yake, ndipo sipika ya mtengo wapatali imalira ngati chidebe.

Komabe mavuto ambiri sakhala m'bokosi. Amakhala pamalo. Chigwa cha Phalombe, pakati pa phiri la Mulanje, la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, n'chotambasuka, ndipo zochitika zambiri zimakhala pabwalo. Panja palibe khoma lobweza mawu, motero mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo 6. Wosadziwa ntchito amangokweza voliyumu, akutsogolo n'kumatseka makutu pamene akumbuyo sakumvabe dzina la amene akuitanidwa pa perekaniperekani. Wodziwa amakweza masipika a mawu pamwamba pa mitu ya anthu, n'kuwaweramitsa pang'ono kuloza kumbuyo kwa khamu, chifukwa mawu akuthwa amayenda molunjika ndipo matupi a anthu amawameza. Besi ilibe vuto limenelo. Funde la 50 Hz ndi lalitali pafupifupi mamita 7, limazungulira munthu ngakhale galimoto, choncho mabokosi a besi amakhala pansi, ogundana pamalo amodzi. Akawasiyanitsa uku ndi uku, mafunde awo amalimbikitsana pena n'kufafanizana pena, ndipo munthu woyenda pabwalo amamva besi ikubwera n'kuthawa.

Nthawi nayo imasintha zinthu. Masana a mu Okutobala nthaka imatentha, mawu amapindikira kumwamba n'kutayika msanga. Usiku mpweya wapansi ukazizira, amapindikira pansi, n'chifukwa chake ukwati wa mudzi wina umamveka kutali anthu atagona.

M'tchalitchi kapena m'holo ya sukulu nkhani imatembenuka. Denga la malata lopanda siling'i, pansi pa simenti ndi makoma a pulasitala zimabweza pafupifupi mawu onse. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye khoma lakumbuyo likakhala pa mamita 17, liwu la mlaliki limamubwerera patapita gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, n'kugwera pa liwu lotsatira. Kukweza voliyumu apa ndi kuwonjezera chipwirikiti. Mankhwala ake ndi kuloza masipika kwa anthu osati ku khoma kapena kudenga, kuchepetsa besi pa mikisa, ndi kusaika mabokosi pakona, pomwe makoma awiri ndi pansi zimatupitsa besi mpaka kuphimba mawu. Nyumba yoyesedwa ili yopanda anthu imanamiza. Ikadzaza, zovala ndi matupi zimameza mawu ndipo zonse zimafunika kukonzedwanso.

Maikolofoni ikalira mokuwa, imakhala ikumva sipika yake yomwe. Masipika amayenera kukhala kutsogolo kwa wolankhula, ndipo MC wokonda kuyendayenda amauzidwiratu malire ake. Pa tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO inamulemba m'kaundula wake mu 2014, ng'oma sizisowa thandizo. Maikolofoni imafunika kwa wotsogolera nyimbo basi, ndipo kuzikuza ng'omazo kumangomukwirira iyeyo.

Mawaya amawononga liwu mwakachetechete. Waya wofiira ndi wakuda akasinthana pa bokosi limodzi, sipika imodzi imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, besi n'kuzimirira ngakhale zonse zikugwira ntchito. Batire laling'ono la tochi limaulula: likagunditsidwa pa mawaya, masipika onse ayenera kutulukira mbali imodzi. Masipika awiri a 8 ohms olumikizidwa pamodzi amakhala 4 ohms, anayi amakhala 2 ohms, ndipo maampulifaya ambiri amatentha n'kuzima pamenepo.

Pomaliza pali magetsi. Zipangizo za kuno zimafuna mavoti 230 monga amaperekera ESCOM, koma kumidzi yambiri ntchito imadalira jenereta. Jenereta yaing'ono imafooka besi ikagunda, ampulifaya imaperewera mphamvu n'kuyamba kutulutsa mawu ophwanyika, ndipo mawu ophwanyikawo ndiwo amawotcha koyilo ya twita. Getsi lofiira likamangoyaka pa ampulifaya, voliyumu iyenera kutsika nthawi yomweyo. Jeneretayo imaikidwa patali, kuseri kwa nyumba, ndi chingwe chokhuthala chosafooketsa magetsi m'njira.