Sikelo Imodzi ya Anthu Onse

Ife a m'sukulu yogonera timagona ndi kudzuka ndi mapointi a MSCE, ndipo ena amayesa kuti mayeso amathera mu Folomu 4. Ine ndifuna kudzaphunzira zamalonda kufikira digiri ya MBA, yomwe munthu amaitenga atamaliza digiri yoyamba. Tsono ndakhala ndikufufuza m'mene anthu amalowera m'masukulu a zamalonda otchuka a ku America, monga Wharton ndi Harvard, ndipo ndapeza kuti kumenekonso pakhomo pali mayeso.

Otchuka mwa mayesowa ndi GMAT. Anayamba m'chaka cha 1954, masukulu 9 atagwirizana kuti pakhale muyeso umodzi wa onse opempha malo. Kuyambira mu 2023 ali ndi magawo atatu: masamu, kumvetsa Chingerezi, ndi kumasulira ziwerengero. Gawo lililonse litenga mphindi 45, ndipo malikisi ayambira pa 205 kulekeza pa 805. Kuno kwathu wochepa mapointi ndiye wakhoza, koma kumeneko katswiri ndi wochuluka malikisi. Mayesowa amalembedwa pa kompyuta yochenjera ndithu: ukakhoza funso, lotsatira limalimbirapo, ukalephera, limapepuka.

Nanga malikisiwa amalemera bwanji? Amalemera kwambiri, pakuti magazini monga U.S. News & World Report amaika masukulu pa mndandanda, ndipo chimodzi chimene amayang'ana ndi malikisi a ophunzira olandiridwa. Motero sukulu yofuna kusunga mbiri yake sitenga ambiri a malikisi otsika. Komabe akuluakulu a masukuluwa amadziwa kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Amafunanso makalata a umboni, nkhani yolemba wekha yofotokoza cholinga chako, ntchito imene wagwirapo, ndi kukufunsa mafunso pamaso. Munthu wa malikisi apamwamba angathe kukanidwa ngati alibe china choonetsa.

Anzanga ena amati mayeso otere ndi nkhanza, popeza amalipitsa ndalama zambiri ndipo Chingerezi si chilankhulo chathu. Izi n'zoona. Koma taganizani za mnyamata kapena mtsikana wochokera ku koleji imene a ku Boston sanaimvepo. Magiredi ake adzawakhulupirira bwanji? Pa mayeso onga GMAT ndi pamene iye ndi mwana wa ku New York amayezedwa pa sikelo imodzi, ngati chimanga pa msika. Kwa munthu wosadziwika, sikeloyo ndi mboni yomuyankhulira.

N'chifukwa chake ndikuti, anzanga, masamu ndi Chingerezi zimene tikuphunzira lero sitidzazisiya m'holo ya mayeso. Tizigwire zolimba pa nthawi ya pulepu. Koma tisathawenso ntchito ya uprifekiti, makalabu, ndi kusunga ndalama za timu, pakuti tsiku lina adzatifunsa chimene tinachitira anthu, ndipo malikisi sadzatiyankhira.