Ku Chisi pa kabaza

Za msewu wochokera ku Zomba kupita ku Kachulu sindinena zambiri. Amene anaudutsapo m'chilimwe amalidziwa fumbi lake. Chandilembetsa nkhaniyi ndi chimene ndinakapeza kumapeto kwa msewuwo mu Novembala 2018: doko la nyanja ya Chilwa lopanda madzi. Mabwato anali mbwee pa dothi long'aluka, ndipo anyamata a kabaza ankaitanira anthu opita ku Chisi. Ku Chisi, pachilumba, pa njinga!

Mtengo umene mnyamata wina ananditchulira unandiimitsa mutu, moti ndinayamba kunenerera mokweza mawu. Iye sanakwiye. "Madala, ine si wa kabaza ayi, ndine msodzi," anatero. "Njingayi ndinagula nditagulitsa khoka langa." Ndinalipira osatsitsanso. Tinayenda pamene kale ankaponya makoka, mpaka matope atayamba kumeza matayala, kwinako n'kumalizira wapansi.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ngakhale m'chaka chabwino siizama kwenikweni. Imadalira zimene Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje inzake yabweretsa. Zotsalazo dzuwa limamwa. Mvula ikalephera zaka ziwiri zitatu motsatizana, nyanja imathawa.

Apa ndi pamene bwana wina wa muofesi, amene ndinacheza naye pobwerera, anandipsetsa mtima. "Musadandaule akulu, imatero kale imeneyi. Ibwerera yokha." N'zoona, inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Koma tawerengani: mu 2012 inaphwera kwambiri, ndipo mu 2018 inaumanso patangopita zaka zisanu ndi chimodzi. Kale mwana ankabadwa, n'kukula, n'kukwatira asanaione itauma. Mvula ya masiku ano imachedwa, imagwa mwaukali masabata ochepa, kenako n'kudula, kutentha kukunkirankira.

Komanso madzi kubwerera si nsomba kubwerera. Chilwa ikauma, matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo zimenezo ndizo mbewu ya nyanja yonse. Mu 1995 mafumu ndi asodzi anagwirizana kuteteza maiwe otere, n'chifukwa chake nsomba zinadzadzanso. Lero mapiri a Zomba tawameta, mitsinje ikubwera ndi mchenga wokwirira maiwewo, ndipo pa dziwe lina ndinaona ndi maso angawa ana akukokolola tinsomba tonga zikhadabo ndi neti ya udzudzu. Sindiwaimba mlandu anawo, kwawo kunali njala. Ndikuimba mlandu ife amene timati "ibwerera yokha" tili pa mpando wofewa ku tauni.

Mbalame nazo zinali pa moto. Dambo la Chilwa ndi limene dziko lino linalembetsa loyamba pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi, zina zochokera ku Ulaya kuthawa chisanu. Mu 2018 zinauluka ulendo wonsewo n'kudzapeza fumbi. Zimene zinatsala, akakowa ndi abakha am'tchire, zinaunjikana pa timadzi tochepa pamene zinali zosavuta kuzitchera, ndipo msodzi wosowa nsomba amasanduka mlenje. Njedza imene zimaikiramo mazira inali itauma gwaa. Tili m'njira tinaona utsi ukufuka mbali zingapo, ena akuotcha kuti alime mpunga ndi chimanga pa chinyontho.

Ku Chisi anandilandira bwino, za kumeneko ndidzalemba tsiku lina. Nditabwerera pa Kachulu njala itandipweteka, ndinalowa m'kanyumba kodyera n'kuitanitsa nsima ya matemba. Mayi wogulitsa anapukusa mutu.

"Matemba awatenga kuti, bambo? Ulipo usipa."

Usipawo unachokera ku Mangochi, ndipo anati amakaupikula ku msika wa ku Zomba, kumene zaka zonsezi iwo ankapita kukagulitsa matemba.