Mwana amene sanalembe mayeso sanapeze ziro

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ku Mitundu ndi ku Nathenje, lero tikambeko za malikisi ndi kompyuta.

Amene munapitiriza ndi zolemba mapulogalamu mukudziwa kuti mu Java nambala imabwera mitundu iwiri. Pali int, nambala yapoyera, ndiye pali Integer, nambala yomweyo koma ili m'thumba. Thumba limatha kukhala lopanda kanthu, ndipo Java imati null. Koma int ayi, imafuna nambala basi. Kuyambira pa Java 5 ya mu 2004, kompyuta imamasula yokha thumbalo. Ikapeza mulibe kanthu, pulogalamu imaima ndi NullPointerException.

Pothawa phokoso limeneli, ambiri amatenga timapulogalamu tothandiza kusintha mtundu wa nambala, monga NumberUtils.toInt ya mu Apache Commons Lang. Mukaipatsa mawu akuti "67", imabweza nambala 67. Mukaipatsa "abs" kapena null, imabweza 0, osadandaula n'komwe. Nkhani yagona pamenepa.

Tonse timadziwa mmene teremu yachiwiri imakhalira kuno kwathu. Mvula ili mkati, mitsinje yadzaza, malungo avuta, wina wabwezedwa chifukwa cha fizi, wina ali kumaliro. Tsiku la mayeso mwana sanabwere, mphunzitsi n'kulemba "abs". Tiyerekeze ana atatu apeza 60, 70 ndi 80, wachinayi sanalembe. Avereji yoona ndi 70. Kompyuta ikamuika 0 wachinayiyo, avereji imagwa n'kufika pa 52.5. Mphunzitsi aoneka ngati waulesi pamaso pa ahedi. Koma wovulala kwambiri ndi mwana. Lipoti likafika kunyumba, bambo amene wagulitsa mtedza pamsika wa Mitundu kuti alipire fizi amangoona ziro. Ine ndaonapo kholo likunena kuti, "Aphunzitsi, ndalama zanga zikungopita m'madzi, bola akwatiwe." Chonsecho mtsikanayo anali chigonere ndi malungo.

N'chifukwa chake ine ndimati pulogalamu yoima n'kukuwa ndi yabwino kuposa yongokhala chete n'kunama. Ikaima, munthu amadzuka n'kukafunsa kuti mwanayu anali kuti.

Inu olemba mapulogalamu a sukulu, chonde sungani malikisi ngati Integer. Musanamasule thumba, yang'anani kaye ngati muli kanthu, ndipo ngati mulibe, lipoti linene kuti "sanalembe".

Ife a Excel nafenso zikutikhudza. AVERAGE imadumpha kabokosi kopanda kanthu ndiponso kokhala ndi mawu, koma 0 imamuwerengera. Tsono mwana akajomba pa mayeso, musamuikire ziro pofuna kuti pepala lioneke lodzaza. Siyani kabokosiko, kapena lembani "abs", kenaka mumufunefune mwanayo alembe.

Tionana m'stafu Lolemba.