Galimoto za ku Los Santos zimadziwika ndi kulira

Mnzanga amene anandilowetsa mu FiveM anandilangiza chinthu chimodzi chokha: "Uvale mahedifoni, aise." Ndinali nditaima pamalo omwetsera mafuta mumzinda wa Los Santos, mabatani ndisanawazolowere n'komwe, pomwe china chake chinayamba kuguguda kuseri kwa nyumba. Gudugudugudu, mawu onenepa, odumphadumpha, ofika mpaka pachifuwa. "Subaru imeneyo," anatero mnzangayo galimoto isanatulukire. Itakhota pakona, inalidi Subaru. Thupi lonse linachita tsembwe.

Masewera a Grand Theft Auto V, omwe amachitikira mumzinda wopeka wa Los Santos, anatulutsidwa ndi Rockstar Games mu 2013, ndipo FiveM ndi pulogalamu yolola anthu kutsegula maseva awoawo momwe ambiri amasewerera limodzi masewerawo. Gulu la Cfx.re lomwe linaipanga linalowa m'manja mwa Rockstar mu Ogasiti 2023. M'masewera enieniwo mulibe Toyota kapena Nissan. Muli mayina opeka monga Karin Sultan ndi Annis Elegy. Eni maseva ndiwo amaikamo galimoto zomwe timazidziwa pamsewu. Koma thupi la galimoto lokha silikwanira. Mu fayilo ya vehicles.meta muli kamzere kotchedwa audioNameHash, komwe kamauza galimoto kuti ilire bwanji. Kakasiyidwa mwachisawawa, Supra yokongola imabwereka mawu a galimoto ina, ndipo khutu limakana.

Chimene chandigwira mtima ndi ntchito yobisika kuseri kwa kamzereko. Kulira kwa injini amakujambula galimoto ikukwera moto kuchokera pansi mpaka pamapeto, kenako ikutsika, mawu a injini paokha, a ekizozi paokha. Mawuwo amadulidwa timapisi ting'onoting'ono. Ukaponda moto, masewerawo amatola kapisi kogwirizana ndi liwiro la injini pa nthawi imeneyo n'kukalumikiza ndi kotsatira, mwachangu moti msoko suumveka. Zonsezi zimasungidwa m'mafayilo a .awc ndi .rel, omwe anthu amatsegula ndi zida monga CodeWalker. Wina anakhala usiku wonse akubwereza sekondi imodzimodzi kuti giya ikasintha pasamveke kudukiza. Munthu ameneyo ndimamulemekeza.

Ndaphunziranso chifukwa chake injini zimalira mosiyana. Silinda iliyonse imaphulika kamodzi injini ikazungulira kawiri. Pa mizungulo 3,000 pa mphindi, ya masilinda 4 imaphulika ka 100 pa sekondi, pomwe V8 imaphulika ka 200. Kuguguda kwa Subaru zakale za turbo kumachokera ku mapaipi a utsi otalika mosiyana. 2JZ ya Supra, ya masilinda 6 ondondozana, imakwera mosalala. 13B ya Mazda RX-7 ilibe mapisitoni, n'chifukwa chake ikakwiya imalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini.

Kukoma kwake kumafika pachimake chifukwa simumva nokha. Mukamalowa mu seva, mafayilowo amatsikira pa kompyuta yanu okha, choncho aliyense amamva zofanana. Kulira kumasanduka dzina la munthu. Osewera ngati apolisi amadziwa amene akumuthamangitsa asanaone nambala. Pamsonkhano wa galimoto, anthu amazungulira imodzi n'kupempha mwini wake kuti aiponde pang'ono, onse duu, kumvetsera.

Sikuti zonse n'zabwino. Ena amakweza mawu mopitirira, ekizozi kumangophulika pakona iliyonse mpaka anzawo osamvana polankhula. Ine mtima wanga uli pa tinthu tating'ono: kampweya ka turbo kotuluka kuti tsuu ukachotsa phazi, ndi momwe mawu amasinthira kamera ikachoka kumbuyo n'kulowa m'kati mwa galimoto.

Inu amene muli ndi seva, lembani poonekera mayina a anthu amene anapanga mawuwa, chifukwa ambiri amawagawa ulere. Ndipo inu amene mukulowa koyamba, musathamangire kugula galimoto. Kaimeni kaye m'mbali mwa msewu, mahedifoni kumutu, mumvetsere zomwe zikudutsa.