Mikanda Yakale ya M'mapiri a Chezi

Basi yochokera ku Salima ikangoyamba kukwera zitunda za ku Mvera, kutentha kwa kunyanja kumatsalira m'mbuyo, ndipo pofika pa Chezi, m'boma la Dowa, munthu amayamba kufunafuna juzi. Ambirife timapadziwa pamenepa chifukwa cha tomato, anyezi ndi kabichi amene amatigulitsa pa windo. Koma m'midzi ya kuseri kwa msikawu, m'mapiri oloza ku Ntchisi, muli katundu wina amene sayalidwa pamsewu. Ndikunena mikanda yagalasi yakalekale.

Ine ndinaiona kwa agogo ena amene anaisunga m'kachitini, atakulunga m'kansalu. "Mwana wanga," anatero, "iyi anandisiyira mayi anga, iwonso anailandira kwa mayi awo." Ina inali yabuluu, ina yofiira kunja koma yoyera m'kati. Sinali yofanana kukula ngati ya pulasitiki ya masiku ano. Mkanda wagalasi umazizira ukaugwira, umalemera, ndipo ukaugogoda pa dzino umalira. Ukauyang'ana padzuwa umaona timathovu tampweya m'kati mwake, ndipo pabowo pamakhala podyeka ndi ulusi wa zaka zambiri.

Kapangidwe kake n'kodabwitsa. Mmisiri ankatenga galasi losungunuka lokhala ndi mpweya pakati, ndiye anthu awiri ankalikoka, wina uku wina uko, mpaka litasanduka ngati kabango kakatali kopyapyala. Likazizira ankalidula tizidutswa, n'kutitenthanso kuti m'mphepete musalale. Bowo lolowetsamo ulusi ndi mpweya uja. Mikanda yambiri imene inalowa kuno m'zaka za m'ma 1800 inkapangidwa chotere ku Venice, m'dziko la Italy, makamaka pa chilumba cha Murano, kumene ng'anjo za galasi anazisamutsira m'chaka cha 1291 poopa moto mumzinda. Ina inkachokera ku Bohemia, m'dziko la Czech lero.

Komatu Azungu sindiwo anayamba malondawa. Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, pamene panali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya India pamodzi ndi mapale a mbale za ku China. Choncho Amaravi ankavala galasi kalekale amishoni asanakhazikike ku Mvera m'chaka cha 1889.

Nanga inakwera bwanji mapiriwa? Apa nkhani ikutikhudza ife a m'mphepete mwa nyanja. Amalonda Achiyao ankaisenza kuchokera ku Kilwa pamodzi ndi nsalu, ndipo kuyambira m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota, zombo zake zinkaolotsa katundu wotere panyanja yathuyi. Kuchokera kugombe, katunduyo ankafalikira kumtunda. Posinthana ankapereka minyanga ya njovu, komanso, tisabise, anthu. Mkanda womwewo umene unakongoletsa namwali potuluka m'chinamwali, mnzake unalipira mwana wa munthu wina wopita ku ukapolo. Ndinaugwira mkanda wofiira uja ndi mtima wogawanika.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa mikanda yakale ndipo amailipira ndalama zabwino, pamene mwini wake kumudzi sadziwa mtengo wake. Agogo aja anandiuza kuti chaka china cha njala anagulitsa chingwe chathunthu kwa mnyamata wina wa m'tauni pamtengo wa ndowa imodzi ya chimanga. Sindiwadzudzula, njala ilibe manyazi. Koma chingwecho chinapita ndi mbiri yake, ndipo amene ali nacho lero sadziwa khosi limene linachivala.

Abale ndi alongo, inunso kasuzumireni m'masutikesi a agogo ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi. Mukaipeza musaisakanize ndi yatsopano, ndipo musaikweche ndi mchenga pofuna kuti iwale. Afunseni eni ake akadali moyo kuti anaipeza kwa yani, mulembe papepala, muike m'chitini momwemo. Ulusi ukafooka, tungani wina popanda kusintha ndondomeko ya mitundu yake.

Agogo a ku Chezi atsala ndi zingwe ziwiri. Akuti chimodzi ndi cha mdzukulu wawo wamkazi, ngakhale mtsikanayo amakonda ya pulasitiki ya pamsika chifukwa ndi yopepuka.